Nambala Wani Amakhala Kumbuyo

Mumsewu wonse wa magalaja munalibe munthu wa mawu aakulu kuposa a Kudoko. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Ili anachita kupatsidwa ndi anthu, chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayambira kumeneko. Ukangowadandaulira za tayala lakuphwa, iwo ankapukuta manja, n'kukhosomola pang'ono, n'kuyamba: "Ndili kudoko ine..." Usanaphethire n'komwe, wafika kale m'mimba mwa sitima yapanyanja, mafunde akumenya, oyilo akulekeza m'mawondo, a Kudoko ali okhaokha ndi sipanala imodzi, kupulumutsa anthu mazana awiri. Anthu amenewa ankaswana chaka ndi chaka. Chaka chimene izi zinachitika anali atakwana mazana asanu.

Koma musawaseke msanga. Bambowa anayendadi, ndipo anaponda malo amene ambiri amangowaona pakalendala. Anachoka pakhomo pa makolo awo ndi malaya amodzi ndi sipanala yotola. Zaka khumi ndi ziwiri anazithera kudoko, zinayi kumigodi, zina kuchipululu kumene mchenga umalowa ngakhale m'chitini chosatsegula. Anabwerako ndi bokosi la zitsulo, chala chimodzi chopindika, ndi zilankhulo zisanu zotukwanira injini ikachita makani. Galaja anamanga okha. Chikwangwani cha pakhomo analembanso okha, zilembo zikuluzikulu moti zomalizira zinachita kupanikizana pakona.

"Ine injini sindiikonza ayi, ndimacheza nayo," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Zaka makumi anayi, sindinalakwitsepo ngakhale nati imodzi. Amene akutsutsa abwere nayo natiyo."

Kudoko komweko anatengako chizolowezi china chimene akazi awo anachilephera: kuwerenga zinthu kuyambira kumbuyo. Nyuzipepala ankayambira tsamba lomaliza. Mabenchi a m'basi ankayambira lakumbuyo. Ngakhale ana awo anayi ankawatchula kuyambira wamng'ono, moti mtsikana womaliza anakula akuitanidwa kuti Nambala Wani, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka kusukulu.

Ana atatu akuluakulu aja fungo la girisi linkawadwalitsa mutu. Wina anakhala mphunzitsi, wina telala, wina kalaliki wovala taye. Nambala Wani yekha ndiye ankatola mabawuti akadali wokwawa. Atakula anapita kukoleji ya zaumakaniko, anabwerako ndi pepala lamikombero yagolide, ndipo bambo ake analikhoma pakhoma pamwamba pa vaisi yopanira zitsulo, n'kumaonetsa aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

Pepala analikhoma, koma injini sanamupatse. Chaka chathunthu mkazi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankangosintha oyilo, kumanga mabuleki ndi kutsuka zitsulo. M'kati mwa injini munali mwa a Kudoko okha. Kumasula okha, kumanga okha, wina aliyense aimire patali.

Lolemba lina m'mawa, Nambala Wani anaika kalata pamwamba pa bokosi la zitsulo.

"Bambo, akampani ya mabasi andiitana. Akufuna makaniko wa injini. Ndiwayankhe pafoni Lachisanu isanakwane fili koloko."

"Ya kuti kampaniyo?"

"Kutali. Ulendo wa tsiku ndi theka."

A Kudoko anamva ngati jeke yagwetsa galimoto pachifuwa pawo. Munthu amene anasiya mayi ake akulira pachipata osacheuka n'komwe, lero anadziwa chimene mayi aja ankalirira. Mawu anali amodzi okha ofunika kunena: khala. Koma lilime limene linkayendetsa sitima za anthu mazana asanu linakanika kunyamula kamawu kameneka.

"Mabasi!" anatero m'malo mwake. "Akakuphunzitsa chiyani amabasi? Ndili kudoko ine, injini imodzi inali yaikulu kuposa kampani yawo yonseyo."

"Akandilola kuigwira, bambo. Ndi zokhazo."

Apo a Kudoko anatembenuka. Maso awo anapita pakona pamene panaima kagalimoto koyera ka akazi awo, konyamulira mazira kupita nawo kumashopu. Injini yake anali ataimasula sabata yathayo chifukwa inkafuka utsi ngati ng'anjo. Za pansi zonse anali atamanga kale. Chotsala chinali hedi, mutu wa injini, mmene mumakhala mavalavu.

"Chabwino," anatero mokweza kuti ndi oyandikana nawo amve. "Hedi iyo apo. Umange iwe wekha, ndione pepala lakolo ngati limagwira sipanala."

Nambala Wani anawayang'anitsitsa. "Ikalira bwino, ndikhala. Ikakana, ndiye kuti muno si mwanga, ndikaphunzire kwa ena. Mwamva, bambo?"

"Ndamva. Ilira. Mavalavu ndipera ine, ukangowalowetsa basi."

Tsopano, kwa inu amene simunasuzumireko m'mutu mwa injini: mavalavu ndi tizitseko. Injini imeneyi inali ya masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse ili ndi tizitseko tiwiri, kachikulupo kolowetsa mpweya ndi petulo, kakang'ono kotulutsa utsi. Onse pamodzi asanu ndi atatu. Valavu iliyonse imakhala pampando wake, ndipo ikatseka iyenera kutseka ndithu, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. N'chifukwa chake makaniko amapaka mankhwala amchenga pamilomo yake n'kumaipekesa pampandopo mpaka ziwirizo zitazolowerana. Zikatero ndiye kuti zakwatirana. Valavu yopekesedwa pampando uwu siikhazikika pampando wa inzake, ngakhale maso ataziona ngati mapasa.

Kupera kumeneku kunali kunyada kwa a Kudoko. Lolemba ndi Lachiwiri anakhala pabenchi, kamtengo kali pakati pa zikhatho, shwee shwee shwee, akuimba nyimbo ya chilankhulo chosadziwika. Valavu iliyonse ikatha, ankaitsuka n'kuibaya pakatoni imene anaiboola mabowo asanu ndi atatu pamzere umodzi. Kumapeto kwa mzerewo analemba 1 wamkulu ndi choko.

Lachitatu m'mawa akazi awo anafika pagalaja, n'kuwagwira dzanja.

"Inu, tulukani."

"Ndituluke m'galaja yanga?"

"Mwati amange yekha. Mukakhala muno muzingopumira m'khosi mwake. Tiyeni."

Anakawakhazika patayala lakale kutsogolo kwa shedi ya a Moto, mnzawo wowotcherera zitsulo, amene anakhala naye moyandikana zaka makumi awiri akunyozana tsiku lililonse. A Kudoko anakhala atafulatira galaja, koma makutu onse ali kumbuyo.

"Imeneyo ndi sipanala ya khumi ndi zitatu," anang'ung'udza. "Bwanji sanatenge soketi?"

"Achimwene, mukutuluka thukuta ngati muli kuchipatala cha amayi oyembekezera," anatero a Moto akukweza magalasi awo akuda. "Kodi akubereka ndani, mwana kapena inu?"

"Wotcherera mageti ako. Za injini uzidziwira kuti iwe?"

M'katimo Nambala Wani anagwira ntchito mwaudongo. Anatenga valavu ya pa 1, n'kuilowetsa kutsogolo kwa hedi, mbali ya fani yoziziritsa injini, monga anaphunzirira, n'kumatsata mzere mpaka kumbuyo. Yaing'ono inagwera pamalo a yaing'ono, yaikulu pa yaikulu, zonse myaa. Anaika masipuling'i, anawapanikiza, anatsekera tizitsulo togwira pamwamba. Anayala gasiketi yatsopano yotsekera pakati pa hedi ndi injini, anakhazika hedi, anamanga mabawuti kuyambira pakati kupita m'mbali. Kenako anaika timikono togogoda mavalavu, n'kuyeza mpata wa kalikonse ndi tizitsulo topyapyala toyezera. Dzuwa lisanapendeke anali atasamba m'manja.

Lachinayi m'mawa a Kudoko anachita chimene sakanatha kuchipewa: anaitana anthu. A Moto, wamatayala, wamabatire, mayi wogulitsa zipatso pakona, onse anaunjikana pakhomo.

"Bwerani mudzaone magazi anga!" anafuula. "Mwana uyu ndinamuphunzitsa kugwira sipanala asanadziwe kugwira supuni. Liza, Nambala Wani!"

Mtsikanayo anapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, inazunguliranso. Kenako inagwira, koma kagwiridwe kake! Inatsokomola ngati nkhalamba yosuta, galimoto yonse ikunjenjemera, kumbuyo kukumveka fyoo fyoo. Mwadzidzidzi phuu! Kabuleta yosakaniza mpweya ndi petulo inalavula moto, mayi wa zipatso anathawa n'kusiya patapata mmodzi, injini n'kuzima. Zii.

Wina anaseka. Wachiwiri anaseka. Ndipo a Kudoko, manyazi atawatentha m'makutu, analankhula asanaganize.

"Ndimanena ine! Mapepala akukoleji sakonza injini. Ndili kudoko ine, wotere tinkamupatsa tsache!"

Anthu anafa nacho chiseko. Nambala Wani sanaseke. Anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, anatenga nsanza, anapukuta zala chimodzichimodzi. A Kudoko akanapereka galaja yonse ndi chikwangwani chomwe kuti mawu aja abwerere m'kamwa. Koma mawu alibe giya yobwerera m'mbuyo.

Anthu atabalalika, mtsikanayo anayamba kusaka vuto. Bambo ake anaima pambali ngati mlendo, ndipo ngakhale mtima unkawawawa, sanalephere kusirira. Sankalumphalumpha ngati amakaniko ongoyerekeza. Anayamba ndi zapafupi. Mawaya a mapulagi anali m'malo mwake. Anazunguza injini ndi dzanja kuti aone zizindikiro za taimingi zoonetsa nthawi yotsegukira mavalavu, zinakumana ndendende. Anatsegula chivundikiro, anayezanso mipata yonse isanu ndi itatu, kachitsulo koyezera kankalowa mokoka pang'ono monga kayenera. Anayang'ana masipuling'i, panalibe yothyoka kapena yokhala chopendekeka.

"Mwina kabuleta," anatero a Kudoko ndi mawu aang'ono amene sanali awo.

"Si kabuleta, bambo. Simukumva kupuma kuja?"

Anamasula mapulagi onse, anatenga geji yoyezera mphamvu ya mpweya, n'kuyeza silinda iliyonse. Muvi unkakwera mwaulesi n'kuima panjira. Zonse zinayi zinali zofooka, ina kuposa inzake. Anathira kasupuni ka oyilo m'bowo la pulagi n'kuyezanso. Muvi sunasinthe.

"Akanakhala maring'i a pisitoni, oyiloyu akanatseka mpata, muvi ukanakwera," anatero ngati akudzilankhulira. "Za pansi zanu zili bwino. Mpweya ukuthawira pamwamba. Pamene ndagwira ine."

Anamasula hedi imene anaimanga dzulo lake ndi chikondi chonse. Anaigadamika pabenchi, mavalavu akuyang'ana kumwamba, n'kuthira palafini m'timaenje tinayi mmene amakhala. Valavu yotseka bwino imasunga palafini ngati kapu. Awiriwo anawerama n'kumayang'ana. Sipanathe mphindi, m'mbali mwa hedi munayamba kunyowa. Dontho. Dontho lina. Asanu ndi imodzi ankadontha poyera, awiri otsalawo ankangochita thukuta.

Nambala Wani anachotsa masipuling'i, anatulutsa mavalavu n'kuwabwezera pakatoni monga anawapezera. Anagubuduza iliyonse pagalasi kuti aone ngati anaipinda pomanga. Zonse zinali zowongoka. Anapukuta mipando, anaunika ndi tochi kufunafuna kamchenga kapena mng'alu. Panalibe.

"Munapera bwino, bambo, mizere yake ikuoneka," anatero pomaliza. "Ndiye kuti ndi manja angawa. Pali chimene ndachita, ndipo choipa kwambiri n'chakuti sindikuchiona n'komwe."

Anavula ovolosi. Masiku onse ankangoiponya pamsomali, koma tsiku limeneli anaipinda bwinobwino, manja m'kati, n'kuiika pashelefu.

"Mawa ndiwaimbira amabasi."

A Kudoko anatsegula pakamwa. Kamawu kaja kanafika pammero n'kukakamira pomwepo. Mwana anatuluka dzuwa likadali pamwamba pa madenga.

Lachisanu anthu oyamba kudutsa mumsewu anapeza galaja yotsegula kale. A Kudoko anali atakhala pabenchi, chibwano chili m'manja, akuyang'anizana ndi hedi ngati anthu awiri okwiyirana. Akazi awo analowa ndi fulasiki ya tiyi, anathira m'kapu, n'kukhala pambali pawo.

"Mwana wanga watulutsa sutikesi," anatero mayiwo.

"Ndamva."

"Mazira ndikhoza kunyamula pamutu, bambo ake. Galimoto si kanthu. Koma mwandithamangitsira mwana ndi pakamwa panupo."

"Mayi, ndikudziwa. Musandiwonjezere." Anamenya benchi ndi chikhatho. "Koma chinthuchi chikundipenga! Ndinapera ndekha. Iliyonse ndinaiyesa, inatseka ngati chitseko cha kubanki. Mwanayo wamanga mwaukhondo, ndaona ndi maso anga. Nanga mpweya ukudutsa pati?"

Mayiwo za injini sankazidziwa, koma mwamuna wawo ankamudziwa kuyambira chipewa mpaka nsapato. Anakoka katoni ija, n'kuloza choko.

"Wani ameneyu ndi wa mbali iti?"

"Funso lanji limenelo? Wani ndi wani. Kumbuyo, kufupi ndi gudumu lolemera la injini, kumbali ya giyabokosi."

"Kumbuyo."

"Eya, kumbuyo! Nanga n'kuti?"

"Mwanayo munamuuza?"

"Kumuuza chiyani? Munthu aliyense amadziwa kuti..."

Mawu anathera m'malere. Kapu inaima pakati pa benchi ndi milomo. Pang'onopang'ono a Kudoko anaibwezera pansi.

Munthu aliyense? Ayi ndithu. Amene ankadziwa zimenezo anali kapitawo wa ndevu zofiira amene anawaphunzitsa ntchito m'sitima muja, kumene injini zake ankaziwerenga kuyambira kugudumu lakumbuyo, ndipo wolakwitsa ankalandira nsanza ya oyilo kumaso. A Kudoko anatuluka m'sitima, koma kawerengedweko sikanatuluke mwa iwo. Zaka makumi anayi sikanawapweteke, chifukwa womasula anali iwo, womanga anali iwo omwe. Koma kukoleji, ndi m'mabuku a galimoto ngati iyi, wani amakhala kutsogolo, kufani.

Anayang'ana mzere wa pakatoni. Yaing'ono, yaikulu, yaikulu, yaing'ono, yaing'ono, yaikulu, yaikulu, yaing'ono. Anawerenga kuchokera mbali inayo. Chimodzimodzi! N'chifukwa chake palibe inakana kulowa. Iliyonse inapeza bowo la msinkhu wake, koma iliyonse inakhala pampando wa eni.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndasinthanitsa maukwati asanu ndi atatu."

Anatenga ya pa 1 n'kuiponya kumbuyo, n'kutsata mzere mpaka kufani. Sanaike ngakhale sipuling'i, anangozidinikiza ndi chala. Anathira palafini. Mphindi imodzi. Ziwiri. Zisanu. Palafini anangokhala duu, akunyezimira, m'mbali mwa hedi muli gwa, mouma.

Nthawi yomweyo a Moto anasuzumira pakhomo, anaona, n'kuwomba m'manja.

"Eee! Dzanja la mwini wake! Dzulo chimadontha ngati denga langa, lero chauma. Achimwene, ndimakunyozani, koma ndinu dokotala. Ndikauze anthu kuti mdala wakonza zimene anawononga wakukoleji?"

Ha, kukoma kwake mawu amenewo! Anatsikira m'mimba mwa a Kudoko ngati tiyi wa shuga zinayi. Nkhani inali itadzipanga kale yokha: mwana analephera, bambo anangoyang'ana kamodzi. Ikanakambidwa zaka khumi. Mbiri ya nati imodzi ikanakhala yosadetsedwa. Ndipo fili koloko ikanakwana, mwana akanaimba foni, akanakwera basi akukhulupirira kuti manja ake ndi opanda pake.

Akazi awo ankangowayang'ana, akuzunguza supuni m'kapu mopanda phokoso.

A Kudoko anakhuthula palafini, anatulutsa mavalavu onse, n'kuwabaya pakatoni, iliyonse pabowo lake.

"Moto, kaitane anthu. Onse amene anaseka dzulo. Ndi mayi wa zipatso yemwe, umuuze kuti patapata wake ali kuno."

Nambala Wani anafika cha m'ma eyiti, atavala diresi, foni ili m'manja. Anangobwera kudzatenga pepala lake la pakhoma. Anadabwa kupeza khamu pakhomo, ndi bambo ake ataima pamwamba pa mgolo wa oyilo ngati wogulitsa mankhwala pamsika.

"Anthu inu!" anabangula a Kudoko. "Mwakhala mukumva kuti ine sindinalakwitsepo nati imodzi. Ndi zoona! Ine sindilakwitsa tinthu ting'onoting'ono. Ine ndikati ndilakwitse, ndimalakwitsa zisanu ndi zitatu nthawi imodzi, zimene wamba ngati Moto uyu sangazikwanitse moyo wake wonse! Nambala Wani, bwera kuno. Loza silinda yoyamba pahedi iyi."

Mtsikanayo, nkhope ili gwa, analoza kutsogolo.

"Tsopano onani ine." Anatsika pamgolo, n'kuika chala chawo chopindika kumbuyo.

Nambala Wani anayang'ana chala chake, anayang'ana cha bambo ake, anayang'ana katoni. Milomo inayamba kuwerenga mwakachetechete, yaing'ono, yaikulu, yaikulu. Kenako anagwira pakamwa.

"Bambo! Mumawerengera kumbuyo ngakhale injini?"

"Injini ndiye inayambitsa. Zinazo zinangotsatira."

"Ndiye ine dzulo lonse... ndinagubuduza mavalavu pagalasi... sindinadye n'komwe... inu mukuti andipatse tsache!"

"Tsachelo ndi langa," anatero a Kudoko, ndipo mawu awo anatsika mpaka anthu akumbuyo anachita kusendera. "Iwe sunalakwitse kanthu, mayi wanga. Unamanga bwino, ndipo vuto unalisaka bwino kuposa mmene ndikanachitira ine. Unalipeza mpaka pakhomo pake. Chimene sukanachidziwa ndi chimene chinali m'mutu mwa bambo ako, chifukwa chaka chonse sindinakulole kusuzumiramo. Ndinakunyoza pamaso pa anthu awa. Ndikupepesa pamaso pa anthu omwewa."

"Lembani tsiku!" anakuwa a Moto. "Wina abweretse kamera!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina, kofewa. Nambala Wani anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye dzina langali," anatero, "ndi nkhani ya kawerengedwe basi? Ine moyo wanga wonse ndimayesa mumanditcha choncho chifukwa mumandikonda kuposa enawo."

A Kudoko anayang'ana kudenga, anayang'ana akazi awo, anakanda m'mutu.

"Zonse ziwiri," anatero. "Koma usakawauze akulu ako." Kenako kamawu kaja, kamene kanakakamira sabata yonse, kanatuluka kopanda sitima, kopanda mafunde. "Khala, mwana wanga. Usapite."

Mtsikanayo anaika foni pashelefu, n'kutsitsa ovolosi ija.

"Pangano ndi pangano, bambo. Ilire kaye. Komanso gasiketi ija yapanikizidwa kale, siibwereranso. Yatsopano tiipeza kuti nthawi ino?"

A Kudoko anatsegula kabati mwamanyazi n'kutulutsa ina, ili m'pepala lake.

"Munagula ziwiri? Ndiye kuti simunandikhulupirire kuyambira pachiyambi!"

"Ayi! Munthu woyenda amanyamula ziwiriziwiri. Ndili kudoko ine..."

"Bambo. Lero ndinu wopatsira zitsulo. Wopatsira zitsulo salankhula."

Ndipo kwa maola asanu, chinthu chimene msewu uja unali usanaonepo chinachitika: a Kudoko anagwira ntchito ali chete. Mwana anapekesanso valavu iliyonse pang'ono pampando wake weniweni, kufufuta zipsera za dzulo. Anathira palafini, anadikira mphindi khumi zathunthu, osadontha. Masipuling'i, gasiketi, hedi, mabawuti kuyambira pakati. Akatambasula dzanja, chitsulo choyenera chinali chitafika kale m'chikhatho. Kawiri konse bambowo anatsegula pakamwa kuti alangize, kawiri konse akazi awo anakhosomola, pakamwa n'kutsekeka. Mitsempha ya m'khosi inachita kutupa ndi nkhani zosakambidwa.

Itangodutsa thuu koloko, Nambala Wani anakhala pampando n'kupotokola kiyi.

Kamodzi kokha. Injini inadzuka ngati inali kungodikira kuitanidwa, n'kukhazikika pamawu amodzi osalala, tizitseko tonse tikugogoda mofanana ngati mashini osokera a telala waluso. A Kudoko anatenga kapu ya tiyi yodzaza, anaikhazika pamwamba pa injini. Tiyi anangonjenjemera pang'ono, osatayika ngakhale dontho.

"Mwamva?" anafuula, chete uja ataphulika ngati tayala. "Mwamva, anthu inu? Ndayenda mayiko, ndamva injini za m'madzi, za pansi pa nthaka, za mumchenga, koma kulira kotere sindinakumvepo! Magazi anga amenewo!"

Nambala Wani anatenga foni n'kutuluka panja. Bambo ake ananamizira kupukuta sipanala yoyera kale, khutu lili kukhomo. Anangomva mawu atatu, "Zikomo, koma ndapeza," ndipo anapukuta sipanala ija mwamphamvu mpaka inatentha.

Atabwerera, mtsikanayo anatola choko. Anapita pakhoma loyang'anizana ndi benchi, anajambula fani yaikulu, pambali pake n'kulemba 1.

"Kuyambira lero, m'galaja muno wani ali kufani. Injini timasula awiri, timanga awiri."

"Zaka makumi anayi," anadandaula a Kudoko. "Kapitawo wanga atembenuka m'manda." Kenako maso awo anawala mwaukathyali. "Ndiye tikayambira kutsogolo, iwe ukhala Nambala Folo."

"Dzinalo musalikhudze."

Akazi a Kudoko anakweza mathireyi a mazira, analiza hutala kawiri, n'kunyamuka, kagalimoto kakuyenda monyada ngati kagulidwa dzulo. Kasanakhote n'komwe pakona, munthu wina anaima pakhomo ndi galimoto yotsokomola, n'kufunsa ngati bwana alipo.

"Bwana ndi uyo wavala ovolosiyo," anatero a Kudoko. "Koma poti akusamba m'manja, khalani apa ndikuuzeni." Anapukuta zala, anakhosomola pang'ono. "Ndili m'galaja muno ine, mwana wanga anamanga injini imene inakanika amuna. Anthu amene anaonerera analipo makumi asanu..."

"Analipo khumi ndi awiri!" anakuwa a Moto kuseri kwa mpanda.

"Wotcherera mageti ako! Makumi asanu ndi limodzi, bambo, osawerengera ana."